Nyimbo Imene Ili m'Kabokosi ka a Eustace

A Eustace ndakhala nawo pa sukulu imodzi zaka zambiri, kumtunda kuno chakufupi ndi ku Kasina, ine ndikuphunzitsa Chichewa, iwo masamu. Koma mukafunsa mwana aliyense wa pano sakuuzani za masamu. Akuuzani kuti ndi aphunzitsi a kabokosi.

Kabokosiko ndi kosungiramo zinthu za pakompyuta, kakuda, kongokwana m'thumba la jekete, ndipo amakakulunga mu sokosi yaubweya kuopa kugunda. Sukulu yathu inalandira makompyuta otopa kale ndi ntchito kumene anachokera, moti temu iliyonse ena amangofa. Netiweki kwathu kuno ndi yoti ukayime pachulu kuseri kwa zimbudzi, nkhungu ikukulowa m'makutu. Ndiye a Eustace anaphunzira msanga kuti pulogalamu iliyonse yodutsa m'manja mwawo asamaisiye ipite. Akapita ku Lilongwe, anzawo ali kalikiliki kusankha nsapato, iwo amakhala pakona kukopera mapulogalamu. Kompyuta ikafa amaifufuta yonse, n'kulumikiza kabokosi, n'kubwezeramo zonse osapempha kanthu ku intaneti.

Ankakonda kutiuza mu sitafu kuti pulogalamu siyenda yokha. "Ili ngati mlendo wakumudzi," ankatero. "Ukaitana mmodzi amabwera ndi azakhali ake ndi ana awo omwe. Ukasunga iye yekha, tsiku lomubwezera amangoima pakhomo osalowa." Choncho ankasunganso tizidutswa tonse timene pulogalamu imatsamira, kalikonse m'foda yake. Kunena zoona, ine nkhaniyi inkanditopetsa. Munthu umafuna kumwa tiyi wako mumtendere.

Akazi awo, a Idah, anali namwino, ndipo ndiwo ankaphunzitsa kwaya kutchalitchi kwathu. Ankapekanso nyimbo. Sankazilemba papepala, anali ndi laputopu ndi pulogalamu ina yakalekale yolembera nyimbo, imene inkaziimba yokha ndi kamawu ngati ka limba, mawu onse anayi. Anawaikira ndi amuna awo omwewo, kale ali ku Lilongwe pa intaneti yabwino. Atayamba kudwala a Idah, laputopuyo inkakhala pabedi. Ndikapita kukawazonda ndinkapeza kamawu kaja kakubwereza mzere umodzimodzi, iwo akugwedeza mutu kuti ayi, sunafike. Imeneyo inali nyimbo yawo yomaliza, ndipo kwaya sinaiphunzire. Anamwalira m'nyengo yozizira.

Maliro atatha, akuchikazi anagawa katundu wa malemu monga mwa mwambo. Zitenje zinapita kwa achemwali awo, mbale kwa amayi awo aang'ono, laputopu inagwera mchimwene wawo, a Ephraim, amene amagula mbatata n'kukagulitsa ku Linthipe. A Eustace anangokhala pamkeka. Mkamwini pa zoterezi sakweza mawu, komanso masiku amenewo a Eustace akanavomera ngakhale kuwachotsa nsapato kumapazi. Anabwerera kuntchito sabata isanathe, ankaphunzitsa, ankachonga, ankadya akapatsidwa. Sindinawaone akulira.

Pasanapite nthawi a Ephraim anatulukira pa sukulu, laputopu ili mu jumbo. Ine ndinalipo.

"Alamu," anatero, "chinthuchi changodzaza za kwaya zokhazokha. Tandiyeretserani, ndizilembamo za bizinesi. Aliyense akuti katswiri wake ndi inuyo."

Ine zinandikwiyitsa. Ndinafuna kuwafunsa ngati ku Linthipe konse kulibe munthu wina wodziwa makompyuta, mpaka ntchito yofufuta mkazi apatse mwamuna wake. Koma a Eustace anangoti, "Ikani apo." Anachita monga amachitira nthawi zonse. Anakopera foda ya nyimbo m'kabokosi, anayang'ana ngati pulogalamu yolembera nyimbo ilimo, anaipeza, kenako anafufuta laputopu yonse mpaka mbee. A Ephraim anathokoza, anasiya kathumba ka mbatata, anapita.

Chaka chitatha panabwera za chiliza ndi Misa yokumbukira malemu. A Kristina, amene anatsala akutsogolera kwaya, anabwera kudzapempha nyimbo yomaliza ija kuti aiphunzire, ikaimbidwe pamanda. A Eustace anati palibe vuto, zonse zili m'kabokosi. Anatitengera m'chipinda cha makompyuta, analumikiza, anayamba kuika pulogalamu ija. Inayenda mpaka pakati, n'kuima. Inalemba kuti ikusowa kachidutswa kena.

Anafufuza foda ndi foda, osakapeza. Kenako, akuyang'ana pawindo, anatifotokozera ndi mawu omwe amaphunzitsira masamu. Tsiku limene ankaiika koyamba ku Lilongwe, intaneti inali yothamanga, ndiye pulogalamuyo inakadzitengera yokha kachidutswako mwakachetechete, iwo osaona. Anasunga mlendo, osadziwa kuti anabwera ndi azakhali. Malo okhawo kumene kachidutswako kanali ndi mu laputopu ija.

Anakwera pachulu kuseri kwa zimbudzi ndi foni. Loweruka anapita ku Lilongwe. Anakapeza kuti eni pulogalamuyo anaisiya kalekale, ndipo kumene kachidutswako kankakhala pa intaneti kunatsekedwa. Anayesa kutsegula nyimbozo ndi mapulogalamu ena, koma zinkangotuluka zizindikiro zosawerengeka. Anafikanso ku Linthipe kwa a Ephraim, ngakhale ankadziwa chimene akapeze. Mu laputopu muja munali mayina a ogula mbatata ndi nyimbo zovina. A Eustace akafufuta chinthu sasiya kanthu, ndi chifukwa chake anthu amawatama.

Ine ndinayesa kukumbukira mzere umene ndinkaumva kuchipinda kwa odwala kuja, ndinang'ung'uza pamaso pa a Kristina, koma unkangosanduka nyimbo ina imene tonse timaidziwa. Zinandiwawa kwambiri, ndinakalirira kunyumba kwanga. A Eustace ndinawafunsa ngati iwo akuikumbukira, poti ankaimva tsiku ndi tsiku. Anati ayi. Anati nthawi imeneyo makutu awo ankangomvetsera mmene akazi awo akupumira.

Pa chiliza kwaya inaimba nyimbo yakale ya a Idah, imene inali kale pamtima. Anaimba bwino. A Eustace anaima pambali atavala jekete lawo lija, dzanja lili m'thumba. Anthu akumwazikana anagwirana chanza ndi aliyense, ndi a Ephraim omwe.

Mpaka lero akadali aphunzitsi a kabokosi, ndipo makompyuta akafa amawadzutsa ngati kale. Za mlendo ndi azakhali ake anasiya kutiuza, ndipo tiyi ndimamwa mumtendere umene sindikuufunanso. Chaka chino anagula kabokosi katsopano poti kakale kanayamba kulira. Ndinawapeza akusamutsa zinthu, ndipo foda yoyamba kukopera inali ya nyimbo za a Idah.

"Aphunzitsi," ndinatero, "nanga imeneyo mukuitengeranji, poti sitseguka?"

Sanatembenuke. Analoza pagalasi, pamene kompyuta imalemba kukula kwa fayilo.

"Ilimo," anatero. "Taonani, si yopanda kanthu ayi. Nyimbo yonse ilimo."