Tulukani, Apongozi

Sendelani pafupi, inu owelenga. Ine pensulo sindiidziwa, koma pakamwa ndili napo, ndipo ndikuuzani zimene ndaona sabata ino.

Mkamwini wanga, a Tembo, anatuluka chithupsa pantchafu, chodzala mafinya. Mkazi wao ali ndi khanda, ndiye ndinawapelekeza ndine kuchokela ku Kalindawalo mpaka kuchipatala, iwo patsogolo, ine kumbuyo, monga mwa ulemu.

A Sisita anatsuka balalo, natenga makapisozi.

“Awa ndi a mtundu wa penisilini. Muzimwa musanadye, ndipo mumalize onse. Koma bambo, penisilini sanakukanenipo? Kutupa, zidzolo?”

A Tembo anayang'ana ine, nayang'ana pansi.

“Iyai, amai.”

Anameza. A Sisita anati tiyambe takhala pabenchi, tisathamangile basi.

Posakhalitsa ndinamva ngati mwana wa nkhuku akulila. Chinali chifuwa cha a Tembo! Milomo yatupa, maso atsekeka, akudzikanda pakhosi. Ndinakuwa, ine. A Sisita anathamanga ndi nyeleti, nawabaya, nanditembenukila.

“Ndinu ndani wao?”

“Apongozi.”

“Mayo ine! Tulukani, ambuya!”

Ndinayima panja. Ndikamuuza chiyani mwana wanga? Kuti ndinapita ndi munthu woyenda, ndabwela ndi nsapato zake?

Nkhani inatulukila ine nditachoka. Kale, ali kumigodi ku Kitwe, anawabayapo penisilini natupa thupi lonse. Koma nyeletiyo inali ya matenda aja osatchula pamaso pa apongozi. Akanati “inde”, likanatsatila funso lakuti “munadwala chiyani?” Anasankha kumeza imfa.

Manyazi anapha lambe. Ife timapatukilana njila ndi akamwini, sitidyela pamodzi, koma m'chipinda cha a Sisita timalowa nkukhala phee, makutu ali tcheu. Ndi angati amene ayankha “iyai” chifukwa cha amene wakhala pambali pao? Khadi ya chipani timaionetsa pamsika osafunsidwa kawili, koma mankhwala amene anatikana timabisa.

A Tembo ali moyo, anawasinthila mankhwala ena, ndipo chithupsa chikuuma. A Sisita ndamva tsopano amayamba afunsa wopelekeza kuti ndi ndani. Mwana wanga anamva zonse za ku Kitwe. Akuwaphikila phala, koma sanawalankhulebe. Ine tulo tikundivuta, mwana wa nkhuku akalila ndimadzidzimuka.

Inu mukapelekeza wodwala mailo kapena mkuja, mukakhala mkati kapena panja?