Nsalu ya Chipani pa Bokosi la Mlongo Wanga

Sanagogode, chifukwa pa maliro chitseko sichitsekedwa. Apolisi anangotsika m'galimoto n'kuima pakati pa bwalo. Linali Lachinayi m'mawa, mwezi wa Juni 2020, chisankho chobwereza chili pafupi. Womwalirayo anali mlongo wanga, wothyola tiyi ku esiteti komwe ine ndinali kapitawo. Maliro anali kwathu, kwa Changata.

Adzukulu anali ataima kale ndi makasu awo, akudikira ine. Mwinimbumba ndinali ine, ndipo ndinkayenera kukawalozera pokumba. Manda a mayi athu alibe mtanda ngakhale simenti, ndipo mwa amene tinawaika kalekalelo, wodziwa malo ake ndinatsala ndekha. Ali m'chipatala, mlongo wanga anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Achimwene, mukandigoneke pambali pa amayi. Kwina ayi." Ndinamukalipira kuti asiye zoyankhula zopusazo, achira. Koma ndinamva.

"Mwini maliro ndani pano?" anafunsa wamkulu wa apolisiwo.

"Ndine."

"Bambo, anthuwa achuluka. Lamulo la Kovidi mukulidziwa. Abalalike, atsale achibale okha."

"Ndithamangitse anthu amene achezera nafe kulira?"

"Ife tangotumidwa."

Akanakhala wina akanapepesa, n'kuuza anthu kuti akabisale m'nthochi mpaka galimoto ichoke. Ine ndine wa mtima wapachala. Lamlungu lomwe linali litangodutsa pa bwalo la sukulu panali msonkhano wa chipani cholamula. Malole anatuta anthu m'makomboni monse, atathithikana ngati matumba a tiyi, ndipo olondera anali apolisi omwewa. Amayi anagawiridwa nsalu, ndipo ena anabwera nazo kumaliro, poti nsalu ndi nsalu.

"Bwana, Lamlungu lija Kovidi inali pa tchuthi?"

"Uja unali msonkhano."

"Oho! Ndiye dikirani."

Bokosi lomwe esiteti inatumiza linali pakhonde, thupi tisanaikemo. Ndinatsomphola nsalu ya chipani imene mlamu wanga anafunda m'mapewa, n'kuiyala pa bokosipo, nkhope ya mtsogoleri ikuyang'ana kumwamba.

"Basitu, awa si malironso ayi. Ndi msonkhano. Tilondereni."

Ena anaseka, ena anagwira pakamwa. Wina anajambula pa foni. Ine ndinkaganiza kuti ndawagwira pakhosi apolisiwo. Sindinaone chimene iwo anaona: nkhope ya munthu wamoyo, wopikisana pa chisankho, itagona pa bokosi la maliro.

Anandimanga unyolo pomwepo. Galimoto ikunyamuka, mkulu wa adzukulu anaithamangira akufuula kuti, "Nanga tikakumbe pati?" Ndinayamba kuyankha kuti kumunsi kwa mtengo wa mbawa wopindika uja, koma wapolisi wina anandikanikizira mutu pansi. Mawu anathera pa nsapato yake.

Kupolisi za Kovidi sizinatchulidwenso. Ndinasiyanso kukhala bambo, ndinasanduka iwe.

"Wakutuma ndani kuti uwaike bwana m'bokosi?"

"Palibe. Ndikuika mlongo wanga."

"Mlongo wako ndi amene ali pa nsalupo? Kumeneku n'kulodza, ukudziwa? Otsutsa akulonjeza chiyani?"

Funso linali lomwelo mpaka madzulo, ofunsa okha ndiwo ankasinthana. Khutu langa lakumanzere silimva bwino kuyambira tsiku limenelo. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti andilole kuimba foni kumudzi ndinene za mtengo uja. Anati foni yanga ndi umboni. Ndinagwada, ine amene sindinagwadirepo ngakhale manijala wa esiteti. Mmodzi anaseka n'kuti, "Aa, kapitawo, mawondo muli nawo eti?" Dzuwa litapendeka ndinasiya kupempha. Masiku amenewo maliro sankagonetsedwa kawiri.

Anandipititsa kundende pa rimandi. Pakhomo panali chikwangwani chotiuza kuti tizikhala motalikirana. M'kati tinkagona chammbali, ndipo wina akafuna kutembenuka tinkatembenuka tonse. Ambiri ankatsokomola. Wina amene ankagona kumbuyo kwanga anamutulutsa m'bulangete, ndipo malo ake sanachedwe kupeza mwini.

Panali msilikali wa ndende wachikulire amene ankavala masiki imodzi yomweyo mpaka inada. Tsiku lina anandipeza ndikutukwana ndekha.

"Kapitawo, ukutukwana ndani? Ife alawansi ya Kovidi timangoimvera pa wailesi. Amalandira ndi a m'maofesi, amene sanakhudzepo mkaidi. Iwe udzatuluka. Ine ndi mommuno mpaka penshoni."

Tsiku la chisankho linatidutsa tili m'kati. Ine amene ankati ndatumidwa ndi otsutsa sindinaponye voti. Zotsatira tinazimva kwa msilikali yemweyo: boma lasintha.

Ndinatuluka mu Julayi, osaonako khoti. Amene anandibwezera lamba ndi nsapato anati, "Mlandu wako ulibenso mwini. Pita." Panalibe wopepesa, ndipo ine ndinalibe mphamvu yofunsa.

Pamsika wa kwathu anyamata a kabaza anandiimbira m'manja. Chithunzi chija chinali chitazungulira m'mafoni. "Mneneri uja wabwera! Madala, munalosera ndinu!" Ena anafuna kundigulira mowa. Ndinangodutsa, chifukwa ndikanatsegula pakamwa ndikanabwerera komwe ndinkachokera.

Mawa lake mkulu wa adzukulu anandiperekeza kumanda. Tinadutsa mtengo wa mbawa uja, iye osaima. Anakaima kumapeto kwenikweni, kumalire ndi bulugamu wa esiteti.

"Tinafunsa aliyense, achimwene. Wina ankati apa, wina apo. Ndiye wapolisi mmodzi anatsala, akutifulumizitsa. Tinaopa kukumba pa munthu, tinangobwera kuno kopanda anthu."

"Sizingatheke kumusuntha?"

Anatembenuka n'kuyamba ulendo wobwerera kumudzi. Nanenso yankho ndinkalidziwa: kwathu woikidwa safukulidwa.

Zimene ndinanena pa bwalo paja zinali zoona, ndipo mpaka lero palibe wandiuza chifukwa chake lamulo linkaona maliro koma osaona msonkhano. Komabe zoonazo zikanatha kudikira mpaka nditalozera adzukulu pokumba. Anthu amati ndili pa ufulu, ndipo sakunama: ndimapita komwe ndafuna, ndimanena zomwe ndafuna, palibe wondigwira. Malo aja pambali pa amayi akadali a udzu. Ana a mlongo wanga akuti adzandigoneka ine pamenepo. Ndawakaniza. Malowo si anga.