Kontorola Yomangidwa ndi Malegeni

Fungo la mtovu wosungunuka ndi mphira yopsa limandibwezera ku holide ya Ogasiti, chaka chimene ndinali mu giredi sikisi. Mphepo inkawomba tsiku lonse, ikunyamula fumbi lofiira la m'misewu ya Silverest n'kulithira pa repu wa m'dimba mwathu. Kuseri kwa dimbalo kunali kutadzaza mipanda ya mabuloko ndi nyumba zatsopano za anthu amene ankalawirira ku Lusaka n'kubwera madzulo. Ntchito yanga inali yopereka ndiwo zamasamba m'mageti amenewo. Ndinali wamanyazi moti ndinkagogoda motsitsa, mtima ukulakalaka kuti asandimve.

Pa geti lina lakuda ndinadziwana ndi Mutinta, mtsikana wa msinkhu wanga. Tsiku lina anandikokera m'nyumba kuti ndione gemu ya pa tivi, ya magalimoto othamanga. Ankaiyendetsa ndi kontorola yopanda chingwe, atapinda miyendo pa sofa. Inalipo yachiwiri, koma inali itasiya kutchaja, choncho tinkasinthana imodziyo. Kunyumba ndikatsegula kabuku kanga kolembamo za tsiku, ndinkangolemba za magalimotowo.

"Pa Chiwelu kubwela makazeni banga ba ku tauni," anandiuza Mutinta. "Ngati iyi siisebenza, iwe uzangotamba chabe."

Kuonerera chabe sindinafune. Ndinamuuza kuti atate anga amadziwa kukonza zinthu, ndipo anandiikira kontorola yakufayo m'pulasitiki.

Atate anali mlimi, koma anthu a m'mudzi ankawabweretsera mawayilesi ndi matochi a sola. Analibe chida chamagetsi chowotcherera. Ankazika msomali wautali m'chitsononkho cha chimanga kuti chikhale chogwirira, n'kuika nsonga yake pa makala a mbaula mpaka itafiira. Tsiku limenelo anakhala pa mpando wawo pansi pa mtengo wa mango, n'kutsegula kontorolayo mosamala ngati akusenda dzira. Batire lake linali litatupa ngati chitumbuwa. Anaikamo la m'tochi yakale, koma linali lalikulu, chivundikiro chinakana kutseka. Anaboola kumsana ndi mpeni wamoto, n'kumanga zonse ndi malegeni, timizere ta mphira todulidwa ku chubu cha njinga. Kabowo kolowetsa chingwe kanali kakugwedera, ndipo kwathu kunalibe chingwe cholowa pamenepo. Anakachotsa, n'kutulutsa mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, oti tizilumikiza ku batire la sola. Kanyale kakutsogolo kanayaka. Atate anaseka mpaka kutsokomola ndi utsi.

Loweruka, pa Chiwelu paja ananena Mutinta, ndinavala diresi langa la kutchalitchi. M'chipinda chochezera munkanunkhira mbuliuli ndi sopo wokolopera. Nditatulutsa kontorola m'pulasitiki, Bwalya, msuweni wamkulu wa Mutinta, anainyamula ndi mawaya ake ngati wagwira mbewa kumchira.

"Ni chani iyi? Ni ya gemu, olo ni yolasila mbalame?"

Anaseka onse, ndi Mutinta yemwe, ngakhale anatseka pakamwa ndi dzanja. Bwalya anadina batani. Kanyale kanaphethira, kuphethira, koma makina a gemu sanaizindikire. Bwalya anati ikachita choncho umayamba wailumikiza ndi chingwe kuti makina aidziwenso. Anaitembenuza uku ndi uku kufuna kabowo, koma pamalopo panali mphira yokhayokha. Ndinaitola n'kutuluka osatsanzika.

Kunyumba ndinalephera kubisa misozi. Atate anamvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula mawu. Kenako anakhuthula chitini chawo cha tizitsulo pa thumba, n'kufufuza ndi chala mpaka anakapeza kabowo kaja. Anakolezanso mbaula n'kukabwezera. Koma kuti adziwe ngati zatheka, panafunika makinawo.

Lolemba anavala jekete lawo n'kunditsogoza. Njira yonse ndinkapemphera kuti tikapeze geti lokhoma. Amake Mutinta anatsegula okha, ndipo Atate anavula chipewa.

"Ba madamu, nabwela kuona ka mashini ka bana. Ninalakwisa pang'ono."

Pakhomo anavula nsapato. Sokosi imodzi inali yobooka, chala chachikulu chili panja. Anakana sofa, nagwada pa matailosi ozizira patsogolo pa tivi, ana onse akuwayang'ana kumsana. Ine maso anali pa chala chija basi. Bwalya, amene anali asanabwerere ku tauni, anabweretsa chingwe. Atachilowetsa, kanyale kanasiya kuphethira, galimoto ya pa tivi n'kugwedezeka. Atachizula, makina anaitayanso. Anayesa kangapo, koma zinali chimodzimodzi: inkadziwika pokhapokha chingwe chili momwemo, ndipo chingwecho sichinkadzaza batire lalikulu lija.

"Apa ndiye pamene nafika," anatero Atate, akudzuka. "Sewela, mayi."

Holide yonse yotsalayo ndinasewera nditakhala pansi, pafupi kwambiri ndi tivi, chifukwa chingwe chinali chachifupi ngati mkono wanga. Khosi linkauma, maso ankalasa, manja ankanunkha mphira. Anzanga ankakhala pa sofa kumbuyo kwanga, akusinthana kontorola yabwino ija. Yanga ankaitcha "ya malegeni", ndipo palibe ankafuna kuigwira, choncho palibe anandilandapo mpata wanga. Madzulo ndinkabwerera nayo kwathu nditaibisa pansi pa beseni la ndiwo, Atate n'kuilumikiza ku sola.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti manyazi onse a tsiku lija anali anga ndekha, ndiponso kuti Atate sankaona mmene ankaonekera. Ndili wamkulu, Amayi anandiuza kuti pamalo pomwe panamangidwa nyumba ya geti lakuda panali munda wa nshawa wa agogo anga aamuna. Chigulitsidwireni malowo, Atate sankadutsako, ankazungulira njira yakutali ngakhale atasenza katundu. Tsiku lija anagogoda, anavula nsapato, nagwada pomwe ankalima ali mwana, kuti ine ndipeze pokhala pansi.