Tambala wa Tsiku la Malipiro

Senderani kuno, nanunso a kumapetoko, musadzamve za m'maluwa. Nkhani yake ndi ya chakudya, ndipo ine mawu okuwa anandithera kumunda wa tiyi.

Tinalipo atatu pa mzere umodzi wothyola tiyi ku esiteti: ine, alamu anga amene anakwatiwa ndi achimwene anga, ndi mnzathu wina wamtali wochokera kwa Mphuka, mayi wolongolola kuposa wailesi. Dengu kumsana, chiperoni chikutilowa m'mafupa, akapitawo akukuwa kutsogolo, ife n'kumathyola tikujeda anthu m'Chilomwe.

Tsiku la malipiro tinali ndi kamwambo kathu. Tikalandira, tinkasamba, kuvala zitenje za kutchalitchi, n'kukwera minibasi ya ku Boma. Kuseri kwa msika kunali kalesitilanti ka mayi wina wonenepa, wosadziwa kumwetulira. Matebulo anali ochepa, okutidwa ndi pulasitiki yamaluwa yong'ambika m'makona. Tinkaitanitsa mpunga wa nkhuku. Mtsikana ankabwera ndi beseni ndi jagi n'kutithirira madzi ofunda m'manja. Ulendo woyamba ndinachita kucheuka, ndimayesa akufuna kuthirira munthu wina kumbuyo kwanga. Ine ndathirira anthu madzi kuyambira ndili buthu, koma wondithirira ine ndinali ndisanamuonepo.

Kenaka zinthu zinayamba kukwera. Mafuta ophikira, makala, shuga, minibasi yomwe. Sukulu sindinapondeko, koma bolodi la pakhoma ndinkaliwerenga mwa njira yanga: pamalo olemba mtengo panayera mbuu chifukwa chofufutafufuta, ndipo manambala ake ankamera michira. Nkhuku nayo inayamba kufota. Tsiku lina wamtali uja ananyamula nthuli yake pa supuni n'kuitana mwini malo.

“Mayi, tandiuzani, iyi ndi nkhuku kapena mpheta?”

“Ndi nkhuku,” anayankha mayiyo nkhope ili gwa. “Mpheta simungaikwanitse.”

Tinaseka mpaka misozi, koma alamu anga sanaseke. Pobwerera, titatsika minibasi, anati:

“Alamu, ine ulendo uwu ndi womaliza. Zimene tasiya kuja titaphatikiza tikanagula tambala wathunthu, mpunga, ndi anyezi yemwe. Komanso msuzi uja ndi madzi okhaokha. Ine ndingaphike kuposa pamenepo.”

Mawu amenewa anandilasa. Kumunda munthu suyankhula za mumtima, umayang'ana sikelo. Kunyumba makoma ali ndi makutu. Patebulo paja m'pamene alamu ankamasuka, ndipo ndinadziwa kuti akachoka iwo kamwambo kathu kayamba kutha. Koma ananenanso zoona, ndipo choonadicho chinandipatsa chidwi. Mpunga timadziwa kuphika. Nkhuku timadziwa kusosola. Nanga ku Boma kuja tinkagulako chiyani kwenikweni? Funsoli linandikhala ngati kamnofu kokanirira m'mano, lilime osakasiya.

Ndinati tiyese tione. Malipiro otsatira tisonkhe, tiphike tokha, tidye atatu. Tikapeza kuti palibe chasowa, tonse tisiya za ku Boma. Koma chikasowa kanthu, alamu abwerera nafe. Anavomera, wamtali uja ali mboni.

Tambala tinamugula m'mudzi woyandikana ndi esiteti, wofiira, wolemera kumanja. Tinasankha kuphikira kukomboni kwa alamu chifukwa anali ndi poto wamkulu, komanso achimwene Loweruka masana sankapezeka, ankakhala ku bawo. Adzukulu awo tinawatuma kukasewera kudambo.

Chimene tinaiwala n'chakuti fungo la nkhuku silisunga chinsinsi. Anyezi atangogwera m'mafuta, ana aja anatulukira, aliyense ali ndi mnzake. Kenaka mayi wa nyumba yoyandikana anabwera kudzabwereka sefa, n'kukhala pansi kufunsa za miyendo yathu mmodzimmodzi. Posakhalitsa achimwene anafika, bawo lathera panjira, atatsagana ndi mnzawo wina mlonda. Kumbuyo kwawo kunali mkulu wa mpingo, akuti akuyendera odwala.

“Kodi muno muli wodwala?” ndinanong'oneza.

“Anali tambalayu,” anatero wamtali uja. “Wamwalira. Awa abwera kumaliro.”

Kwathu kuno munthu sadya wina akuyang'ana. Alamu anatenga chipande, ndipo ine ndinaima pambali kuonetsetsa dzanja lawo. Palibe anawauza kanthu, dzanjalo linkadziwa lokha njira. Nthutumba kwa bambo wa nyumba, paja ikasowa imeneyo amati nkhuku yonse sinafike. Ntchafu kwa alendo. Chidali anachigawa pakati, china kwa mayi wa sefa, china m'kambale kopita kwa agogo ena ogona a nyumba yakumapeto. Mapiko ndi tizidutswa kwa ana. Ndikanawaseka alamu, koma nditadziyang'ana ndinapeza ndagwada kale pakhonde, jagi ili m'manja, ndikuthirira achimwene madzi. Sindikumbuka n'komwe kuti ndinainyamula nthawi yanji.

“Achemwali, lero ndiye mwatikumbuka amphawife,” anatero achimwene akukunga malaya. “Muzitere mwezi ndi mwezi.”

“Idyani, achimwene. Mukamaliza mutiuzeko ngati mchere unakwana.”

Ife tinadyera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thandala la mbale: khosi, mutu, zipalapasiro, ndi mpunga wopala pansi pa poto. Msuzi wake, ndisaname, unali wokoma kuposa wa ku Boma. Koma palibe anameza kawiri motsatizana. Uku akufuna madzi akumwa, uku mwana watayira mnzake msuzi, uku mkulu wa mpingo akutsanzika ndipo ayenera kuperekezedwa. Mbale zakuda zinali zitatiyembekezera kale.

Wamtali uja anayamwa fupa la khosi kwa nthawi yaitali, n'kuliyang'ana.

“Ine zaka zonsezi ndimayesa ndikugula mpunga,” anatero. “Kani ndimagula kukhala pansi.”

Ndinaomba m'manja. Kamnofu kaja kanachoka m'mano, ndipo ndinkaona ngati mlandu ndawina. Ndinatembenukira kwa alamu kuti avomereze. Iwo maso anali kwina, kwa kamdzukulu kawo kakang'ono kamene kanakhala pamwala kakunyambita zala, kenaka chigongono, kumene msuzi unayenderera.

“Mwamuona uyo?” anatero motsitsa mawu. “Nyama anaidya komaliza pa Khirisimasi.”

Ngakhale wailesi yathu inazima.

Pangano ndi pangano. Kanthu kanasowadi, ndiye malipiro otsatira alamu anavala chitenje chawo n'kukwera nafe minibasi. Njira yonse ndinkawaba ndi diso, ndikufuna kudziwa chimene chichitike. Anakhala pampando, anasamba m'manja, mbale inafika ili ndi kantchafu pamwamba. Anadya mpunga. Anadya masamba a pambali. Kantchafu kaja anakatembenuza uku, n'kukatembenuzanso uku, ngati munthu wosankha nsalu pamsika. Kenaka anakodola mtsikana uja.

“Mwanawe, ulibeko kajumbo?”

Anakakulunga bwinobwino n'kukalowetsa m'chikwama. Mwini malo anaona zonse ali pakhomo la khitchini. Anangobwera ndi chipande n'kuwathirira msuzi wina pa mpunga wotsalawo.

Pamenepo ndinadziwa kuti ndikhoza kuwakokera alamu patebulo paja mwezi uliwonse, koma adzakhala akudya mtima uli kwa adzukulu awo. Tili pa depoti ndinawagwira dzanja.

“Alamu, mwezi wamawa sitikuvutitsaninso.”

“Zikomo, alamu,” anatero. “Koma inu musasiye chifukwa cha ine. Ndipo mukabwerako muzidzera kwathu, miseche yonse ndiimve ikadali yotentha.”

Sanapondenso mu lesitilanti muja. Anayamba kuweta nkhuku zawo kuseri kwa nyumba, chitopa chikazipha amayambiranso, ndipo mpaka lero akapha imodzi komboni yonse imadziwa. Kamdzukulu kaja kanatalika kuwaposa. Achimwene alipo, bawo sanasiye, ndipo amauza anthu kuti nzeru yoweta nkhuku inali yawo.

Ine ndi wamtali uja tinapitiriza, koma modumphitsa miyezi, nthawi zina mbale imodzi masupuni awiri, mwini malo akung'ung'udza kuti tikumutenthetsera mipando yaulere. Pambuyo pake mnzanga wamtaliyo mwana wake wamkazi anamutengera ku Limbe. Akabwera kudzationa amati kumeneko anthu amadya tchipisi akuyenda, ndipo iye amawakuwira kuti akhale pansi, iwo n'kumamuyesa wamisala. Mayi wa lesitilanti anatseka malo ake mafuta atakweranso, pano amakazinga mandasi pafupi ndi chipatala.

Ine tiyi ndinasiya kuthyola, msana unakana. Ndili pa kamunda kanga ka nandolo ndi chinangwa. Ndikagulitsa zokolola ku Boma, ndimaima pakhomo la lesitilanti ina yatsopano, kununkhiza, kusuzumira amene akhalamo. Masiku ena ndimalowa, masiku ena ndimagula theka la nkhuku n'kupita nalo kunyumba. Mu minibasi ndimafunsa mayi aliyense amene ndakhala naye pafupi kuti iye akanatani, ndipo ambiri amayamba aseka kaye asanayankhe.