Nyali Yopanda Dimu

Amene anandilakwira ndi amalume anga, achimwene awo a mayi, mimba imodzi. Anandiuza kuti ndidutse pamaliro nyali ya njinga yamoto ili chiyakire, iwo atakhala kumbuyo kwanga, ndipo nkhani itavuta anaima pagulu n'kunena kuti ndinali ndekha.

Anthu anawakhulupirira, ndipo sindidabwa. Iwo ndi mkulu wa mpingo, munthu wovala jekete ngakhale mu Okutobala, pamene mbuzi za kuno kwa Makhuwira zimakana kuchoka pansi pa mtengo. Ine ndine uja anasiya sukulu sitandade sikisi atathyola desiki, uja anagulula mnzake dzino kumpira. Mtima wanga ndi wapachala, sindikana. Ndiye pakati pa awirife, inu mukanamvera ndani?

Njingayo inali yawo. Anaigula chaka china thonje litachita bwino, n'kundipatsa kuti ndizichita kabaza pamsewu wafumbi wochokera ku Thabwa. Bambo anga adamwalira ndili wamng'ono, mlongo wanga adakwatiwa kwa Tengani, pakhomo tinatsala awiri, ine ndi mayi, ndipo chifuwa chinali chitayamba kale kuwadya. Njinga ija ndiyo inkatidyetsa, ndiyonso inkapita nawo kuchipatala.

Tsiku lina amalume anabwera kuchokera ku Limbe atanyamula kabokosi kolembedwa HID. M'katimo munali babu wowonda ngati chala, kachitsulo kaphanthiphanthi kamene amati balasiti, ndi mawaya ambirimbiri. Anati anaona njinga ina m'tauni ikuwala ngati galimoto ya nduna, ndipo yawonso iyenera kumadziwika ikadali kutali.

Tinapita kwa makaniki wathu, Msena wa ku Nsanje amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa nimu kumsika. Anatembenuza babuyo uku ndi uku, n'kupukusa mutu akuti nkhabe, kukana kwa Chisena. Anafotokoza kuti nyali yakale imadya moto wa koyilo, n'chifukwa chake imawala ukakoka mafuta n'kufooka ukasiya, pamene iyi imayamwa batire kudzera mu balasiti. Anati ilibe dimu, kuwala kwake n'kumodzi basi, ndipo ukaizimitsa ili yotentha nthawi zina imakana kuyakanso mpaka izizire. Anati ngati tikuifunabe, chimutu cha nyali achiweramitse kuti chiziona pansi. Amalume anaseka, anati sanagule nyali yoonera nyerere. Makaniki anadula mawaya, n'kulumikiza, n'kumanga balasiti pansi pa thanki ndi mphira wa chubu, chimutu n'kuchisiya chili chidzukire.

Kunena zoona, madzulo oyamba ndinaikonda. Ukaiyatsa inkayamba ndi mtundu wobiriwira, ikunjenjemera, kenaka n'kuyera mbee. Ndinkaona maenje, minga, maso a agalu patali, ngakhale zisa za mpheta m'mitengo ya m'mbali mwa msewu. Ana ankathamangira kumsewu kudzaiona.

Chikondicho sichinakhalitse. Galimoto ikadutsa n'kusiya fumbi, nyaliyo inkandimangira khoma loyera pamaso, osaona kanthu. Tizilombo tonse ta kudambo tinkabwera kudzandimenya kumaso ndi kulowa m'kamwa. M'mawa batire linkakhala litatha, ndinkadzutsa njinga ndi kiki mpaka mwendo kuwawa. Koma choipa kwambiri chinali anthu. Apanjinga zakapalasa ankagwera m'mapira akundituka. Ng'ombe zangolo zinkangoima pakati pa msewu, mwini wake akukwapula pachabe. Anzanga apasiteji ankati ndikuwachititsa khungu dala, ndipo wina atandiponyera chigoba cha dzira ndinamugwira pakhosi. Kuchokera tsiku limenelo ndinkaimika njinga pandekha, kutsidya kwa msewu, pafupi ndi chigayo. Dzina langa linatha, ndinasanduka uja wa nyali.

Ndinawauza amalume kuti tibwezeretse yakale. Anati njinga ndi ya ndani.

Panalinso ntchito ina imene ndinkawagwirira, yosauza munthu. Kunali mayi wina wogulitsa mpunga cha ku Livunzu, ndipo masiku ena ndinkawasiya kumeneko masana n'kukawatenga dzuwa litalowa. Kunyumba kwawo ankadziwa kuti ali kumsonkhano wa akulu a mpingo.

Madzulo amenewo tinkachokera komweko. Mdima unali utangogwira, kutentha kukadali kotuluka m'nthaka. Titayandikira mudzi wathu ndinaona masamba atayalidwa pamsewu. Bambo wina wa pakhota paja, amene ankadwala miyendo, anali atatisiya masanawo ife tili kutali.

Aliyense wa kuno amadziwa chochita pamasamba. Wapanjinga amatsika, chipewa n'kuvula. Wa njinga yamoto amazimitsa injini ndi nyali, wokwera n'kutsika, nonse n'kukankha mwakachetechete mpaka mutapitirira masamba achiwiri. Ndinayamba kuchepetsa liwiro, chala chili kale paswitchi. Amalume anandigwira lamba kumbuyo.

"Usazimitse. Pita."

Ndinawauza kuti pali zovuta.

"Ndati pita. Ukufuna anthu onsewa andione ndikuchokera uku?"

Ndinapita. Nyumba ya malirowo ili penipeni pamene msewu umakhota, ndiye nyali ija inasesa bwalo lonse. Amayi achikulire anali atakhala pamphasa, mabulauzi atavula chifukwa cha kutentha, zitenje zili m'chiuno. Ndinawaona akuphimba zifuwa ndi manja. Chitseko cha siwa chinali chotsegula, ndipo kuwala kunalowa mpaka m'kati, pamene malemu anagona pamkeka nkhope isanaphimbidwe, mkazi wawo ali pambali. Nyimbo inaduka pakati. Tinadutsa, fumbi lathu n'kutsalira pa iwo.

Nyali imeneyo imaonetsa chilichonse cha kutsogolo, koma amene ali kuseri kwake saoneka. Anthu aja sanaone nkhope yanga, sanaonenso jekete ya amalume. Anaona kuwala, ndipo kuwalako mudzi wonse unkadziwa mwini wake.

Ndinawafotokozera mayi zonse usiku womwewo. Anandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndikatsegula pakamwa ndiphwasula nyumba ya achimwene awo ndi yathu yomwe. Ndani adzatithandize mankhwala? Anandilumbiritsa kuti dzina la amalume ndisadzalitchule pankhaniyi mayiwo akadali moyo.

M'mawa ndinapita kumanda ndi khasu langa monga mwamuna aliyense. Mkulu wa adzukulu, bambo wamfupi wosalankhulalankhula amene wakumba manda a theka la mudzi uno, anandilanda khasulo n'kuliponya kunja kwa msitu. Ndinakakhala pachipika pamene panali amuna, ndipo mmodzimmodzi anasunthira kwina mpaka chipika chonse chinakhala changa.

Titaika maliro, nthawi ya zolengeza, nkhani ija inatuluka. Amalume anaimirira, manja kumbuyo, mawu ofatsa ngati ali paguwa. Anapepesa m'malo mwa banja. Anati mwana wa mlongo wawoyu nonse mukumudziwa, samva kamodzi. Anati nyaliyo ndinaika ndekha iwo osadziwa, ndipo madzulo amenewo iwo anali kumsonkhano, nkhaniyi aimva m'mawa ngati wina aliyense.

Ndinadzuka. Mawu anali atafika kale pakhosi. Ndinayang'ana kumene kunakhala amayi, n'kuona mayi anga akundipenya, nsalu ili pakamwa. Ndinameza. Mkwiyo unasowa kolowera, ndinamenya ndi phazi ndowa ya madzi osamba m'manja, n'kuchoka. Kumbuyo ndinamva wina akuti mwaonatu.

Adzukulu anagamula kuti makasu awo sadzakumbira nyumba yathu kufikira nditabwera ndi nkhuku, kugwada pamaso pawo, n'kuvomera ndi pakamwa panga kuti zonsezo ndinachita ndekha mwamwano. Amalume anatenga njinga yawo n'kuipereka kwa wina, atabwezeretsa babu wakale uja. Kabokosi ka HID anatumiza munthu kudzakasiya pakhonde pathu, kuti akuti katundu wanga.

Kupepesa ndinkafuna. Ndinapita kwa mayi wamasiye uja ndekha, ndinakhala pansi pabwalo lake, iye analowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ndipo sindimuda. Nkhuku tinali nayo. Chimene chinkandikanika ndi mawu amodzi aja, ndekha. Ndinkawayesa ndili kumunda, pakamwa pankakana.

Chaka chimenecho ndinaphunzira kukhala chete. Ndinkagwira ganyu m'minda ya chimanga kudimba, kumene mwini munda amangokulozera ndime n'kuchoka. Pamjigo amayi ankasiya nkhani ndikafika. Kubawo sankandithamangitsa, koma palibe ankandisunthira malo. Maliro akachitika ndinkapitabe, n'kukhala kumapeto, mbale ya chakudya n'kundidumpha. Madzulo ndinkakhala pakhonde kumamvera njinga zikudutsa kumsewu, ndipo ya amalume ndinkaizindikira kulira kwake, inali ndi kachitsulo kolira pa sitandi kamene ndinkati ndidzamanga. Nthawi zina ndinkatulutsa babu uja m'kabokosi n'kumamuyang'ana. Kanthu kakang'ono, kopepuka, kagalasi koti ukhoza kuphwanya ndi zala ziwiri. Sindinamuphwanye, kaya chifukwa chiyani.

Amalume ankabwerabe kudzaona mlongo wawo, atanyamula shuga ndi mapilitsi. Ankapemphera mokweza, mawu akumveka mpaka kwa aneba. Ine ndinkatuluka kukakhala kuseri kwa khola. Pochoka ankandiuza kuti ndichepetse mtima, kudzichepetsa sikupha munthu.

Mayi ankaopa chinthu chimodzi. Sankaopa kufa. Ankati kuno kuchigwa mtembo sudikira, dzuwa lake silichita ulemu, ndipo safuna kudzanunkha m'nyumba anthu akukangana za khasu. Chifuwa chikawagwira usiku, akapuma, ankandifunsa za nkhuku ija. Ndinkawauza kuti mawa. Tsiku lina ndinawayankha kuti andimasule lumbiro lija, ndikanene zonse, ndigwade ngakhale kawiri. Anatembenukira kukhoma.

Anamwalira nyengo yotentha itabweranso, mbandakucha, nditawatsamiritsa pachifuwa panga. Anthu anabwera, pamenepo sindinganame. Amayi anadzaza siwa, masamba anayalidwa pamsewu wathu, njinga zinkadutsa zikukankhidwa. Mlongo wanga anali m'njira kuchokera kwa Tengani. Koma uthenga unabwera kuchokera kumanda kuti adzukulu afika, akhala pansi.

Ndinatenga khasu ndi piki n'kupita. Ndinawapeza ali pamthunzi wa mtondo, zida zawo ataziunjika pamodzi. Mkulu wawo anandilozera malo ndi chibwano, pafupi ndi pamene panagona agogo. Kwathu mwana sakumba manda a mayi ake, n'chifukwa chake pali adzukulu. Ndinavula malaya n'kuyamba.

Dothi la makande m'chilimwe ndi mwala. Piki ankadumpha, manja anachita matuza, matuzawo n'kuphulika. Palibe anandiseka, palibenso anadzuka. Wina anakankhira chigubu cha madzi kufupi ndi ine ndi phazi, akuyang'ana kwina. Dzuwa linakwera, ndipo dzenje linali lisanafike ndi m'mawondo. Ndinkaganiza za mayi ali m'nyumba ya malata ija, ndi zimene ankaopa.

Amalume anafika atavala jekete yakuda, nsapato zopolisha, mpango uli m'manja. Anapereka moni kwa adzukulu mmodzimmodzi, n'kupepesa chifukwa cha kuchedwa kwa zinthu. Anati nkhuku agula kale, ili kunyumba, chatsala ndi mwanayu basi. Kenaka anabwera m'mphepete mwa dzenje, nsapato zawo zili pafupi ndi nkhope yanga.

"Tuluka m'menemo ugwade. Nena kuti unalakwa wekha, anthuwa agwire ntchito. Usamuchititse manyazi mlongo wanga ndi mtima wakowo."

Ndinadikira kuti mkwiyo ubwere monga umabwerera, kutentha kumutu. Sunabwere. Ndinatsamira piki, n'kukumbuka kuti lumbiro lija linali la mayi ali moyo. Ndinayang'ana mkulu wa adzukulu, n'kuwauza kuti kugwada ndigwada, nyali ija ndinayendetsa ndine, ndipo amayi aja ndinawaona ndi maso angawa. Kenaka ndinatola khasu langa, n'kuliika pa nsapato za amalume.

"Amalume, kabokosi kaja munagula ndinu ku Limbe. Lamba wanga pamasamba paja munagwira ndinu, mukuchokera kumene mukukudziwa. Tinadutsa awiri. Vulani jeketeyo mulowe muno, mlongo wanu timukumbire awiri."