Sitima Itaima, a Baharudin Anayamba Kudzandira

A Baharudin anayamba ntchito m'sitima ya pamadzi ya Putri Segara ndevu zisanamere, ndipo imvi zinawapeza momwemo. Sitimayo inamangidwa ndi Adatchi. Inanyamulapo azungu obwerera kwawo, kenako Asilamu opita ku ulendo wa chipembedzo wa Haji, kenako aliyense wokhala ndi tikiti. Dzina inasintha katatu, koma woperekera msuzi anali yemweyo. Nyanja ikakalipa, iwo ankawaza madzi pansalu za patebulo kuti mbale zisatsetsereke, n'kumayenda ndi msuzi wa nkhuku wodzaza mbale osataya ndi dontho lomwe.

Kumudzi, pachilumba cha Belitung, mkazi wawo, mayi Jubaidah, ankaitcha sitimayo "mkazi mnzanga". Iwo ankapatsidwa mwamuna mwezi umodzi pachaka, ndipo zinkawawawa.

Injini zitatopa, mpondamatiki wina anaikokera sitimayo kumtunda, pachilumba chomwecho, n'kuisandutsa hotela. A Baharudin anavalanso jekete lawo loyera, chimwemwe chodzaza tsaya. Koma abale inu, miyendo simva malangizo. Yawoyo inkadikirabe funde. Akaponda, ankapendamira kumanzere kuti alandire kugwedezeka, kugwedezekako osabwera, msuzi khuthu pathalauza la mlendo. Nsalu nazo ankazinyowetsabe, alendo n'kumachoka zigongono zitanyowa.

"Achikulire, sitimayi yakhala pasimenti," anatero a Ridwan, woyang'anira hotelayo. "Kodi mwayamba kumwa?"

"Sindinalawepo chibadwire, bwana. Yaledzera ndi sitimayi, yaima molakwika."

"Loweruka kuli ukwati. Mukatayanso msuzi, jeketelo mutisiyire."

Mayi Jubaidah atamva, anaseka mpaka misozi. "Tayani, bambo a Rohani, tayani wambiri! Denga likudontha kuno, ndipo nkhuku zanu zomwe sizikudziwani." Koma anaona kuti mwamunayo sanaukhudze mpunga. Anangokhala pakhonde akusisita jekete lija.

Ukwatiwo unali wa mwana wa aneba, choncho mayi Jubaidah analipo. A Baharudin anatuluka m'khitchini atanyamula chimbale, thukuta lili kamukamu. Ataponda koyamba, msuzi unapendama. Ataponda kachiwiri, unanyambita m'mphepete mwa mbale. A Ridwan anatseka maso.

Apo mayi Jubaidah anadzambatuka, n'kukolowekana mikono ndi mayi woyandikana nawo.

"Namondwe, anthuni! Gwiranani, tikumira!"

Anayamba kupendamira uku ndi uku. Amayi a patebulo lawo anatsatira akuseka chikhakhali, oimba ng'oma n'kugwira kayendedwe komweko. Mkwati ndi mkwatibwi anapendama, azakhali anapendama, ngakhale a Ridwan anakokedwa mkono ndi gogo wina amene sanafune kumira yekha. Chipinda chonse chinasanduka nyanja.

Miyendo ya a Baharudin inazindikira kwawo. Mkuluyo anadutsa pakati pa matebulo ali njo, chifuwa patsogolo, akufuula kuti, "Njira, njira, wotentha uyu!" Anazungulira kawiri, kachiwiriko kongodzionetsa. Pansi sipanagwe dontho.

Mbale yomaliza anakaika pamaso pa mkazi wawo, amene anali wefuwefu, mpango utapotoka.

"Mayi a Rohani, mukanangokhala phee, bwenzi mawa ndili padenga paja."

"Padenga ndi miyendo imeneyo? Mukanagwa." Anatenga sipuni, maso ali pamsuzi. "Ndinakuonani pakhonde paja, bambo. Kunyumba mukanandifera mwezi usanathe. Bola mwamuna wobwereka, koma wamoyo."