Garaja Yeniyeni ya a Nasoni

Bambo anga, a Nasoni Kachigunda, anagwira ntchito ya ukalaliki m'boma zaka makumi awiri mphambu zisanu ndi zinayi. Chiwerengero chimenechi ndawafunsa mayi kawiri, ndipo akuti n'cholondola. Anayambira ku Zomba, ndipo likulu litasamukira ku Lilongwe, nawonso anasamuka pamodzi ndi mafayilo awo. Sanali munthu wotchuka. Ku ofesi ankadziwika ndi zinthu ziwiri: zolemba zawo zowongoka ngati zosindikiza, ndi kusayankha pamene wamkulu akulankhula. Tinkakhala kumayadi, ku Area 47, m'nyumba yomwe anapatsidwa chifukwa cha ntchito. Pambali pa nyumbayo panali shedi ya galimoto: nsanamira zinayi zachitsulo ndi malata pamwamba, basi.

Kwa zaka zambiri shediyo inali yongoyanikamo zovala nthawi ya dzinja. Koma mu 1983, atatsala ndi zaka zitatu kuti apume pa ntchito, bambo anagula Datisani yoyera kwa mwini sitolo wina wa ku Area 2. Inali itayenda kale kokwanira. Sanaigulire kunyada m'tauni ayi, moti ku ntchito ankapitabe pa basi. Iwo anachoka kwawo ku Nsaru ali mnyamata, wapansi, atasenza kasutikesi kamalata, ndipo ankafuna kuti tsiku lopuma akalowe m'mudzimo akuyendetsa galimoto yawoyawo. Ankakonda kunena kuti, "Ndikaimike pabwalo, ndilize hutala kamodzi kokha, nditsike. Zikatero ndithe kufa."

Vuto linali lakuti galimotoyo ifike chaka chimenecho ili yamphumphu. Mwezi woyamba akuba anazula magalasi a m'mbali. Wachiwiri anatenga batire. Kuyambira pamenepo bambo akaweruka ankamasula batire latsopanolo n'kukaliika kunsi kwa bedi, mpaka madzi ake anaboola chitenje cha mayi.

"Anzanga amagona ndi amuna awo," anatero mayi anga a Alinesi, "ine ndikugona ndi batire. Bambo a Evelina, mangirani galimoto yanuyi nyumba yake, apo ayi ine ndibwerere kwathu."

Bambo sankachita kanthu popanda pepala. Analemba kalata ku ofesi yoona za nyumba kupempha kuti atseke shediyo ndi khoma. Anadikira miyezi inayi. Yankho linabwera m'Chingerezi, lili ndi chidindo, lowalola kumanga malo osungiramo galimoto imodzi. Ndinaliwerenga ndekha, ndipo mawu ake ndikuwakumbukira bwino.

Ndalama zolembera kontrakitala analibe, choncho anayamba kutolera zinthu pang'onopang'ono. Njerwa ankagula pa uvuni wina kuseri kwa Mtandire, n'kumazinyamula m'Datisani momwemo Loweruka lililonse, makumi asanu ndi limodzi pa ulendo, atayala masaka pamipando, akuyendetsa ngati anyamula mazira. Mchenga unachokera ku Lingadzi. Simenti anakwanitsa matumba atatu okha, ndiye anaganiza zoti khoma limangidwe ndi dothi, simentiyo ingomata mizere yakunja kuti mvula isakokolole. Zitseko zinali za migolo yakale yamafuta yosasantha. Mahinji ndi loko anakasankha pa mulu wa zitsulo zakale mu Msika wa Lilongwe. Zonsezi zinatenga miyezi isanu ndi iwiri.

Kumsika komweko n'kumene anakumana ndi Che Sumaila, mmisiri womanga nyumba, bambo wachikulire wa ndevu zoyera yemwe ankakhala kufupi ndi mzikiti. Anali atamanga masitolo ambiri m'tauni yakale, koma kumayadi anali asanagwireko ntchito, ndipo ankafunitsitsa kuti luso lawo lioneke kumeneko. Tsiku limene anabwera kudzaona malo ndinalipo, ndinawapatsira madzi akumwa.

"Che Sumaila," anatero bambo, "sindikufuna chisakasa cha fodya ayi. Ndikufuna garaja yeniyeni."

"Yeniyeni, bwana?"

"Yeniyeni."

"Basi mwapeza mwini wake. Za amakaniko a ku Malangalanga zija, zitatu ndinamanga ndine. Kafunseni."

Apa ndiyenera kufotokoza bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pa liwu limodzili. Bambo analiphunzira ku nyumba za Azungu ku Zomba, kumene garaja chinali chipinda chogona galimoto. Che Sumaila, monga anthu ambiri m'tauni muno, ankadziwa garaja ngati kumene galimoto imapita ikadwala. Aliyense anamva mnzake bwinobwino, ndipo anagwirana chanza.

Khoma linakwera msanga, lowongoka ngati lojambula. Litafika m'mapewa, kunabwera uthenga wa maliro a malume awo a bambo. Iwo ndi mayi anapita ku Nsaru pa basi, galimoto ataisiya kuseri kwa nyumba, poti bambo sankafuna kuti anthu akumudzi aione tsiku lake lisanakwane. Anakhalako masiku asanu. Ine ndinatsala. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndikugwira ntchito yotayipa ku City Centre. Tsiku lachitatu pobwera ku ntchito ndinapeza chimulu cha dothi lofiira pakhomo pa garaja.

"Agogo, kodi dothili likuchokera kuti?"

"M'dzenje, mama," anayankha Che Sumaila mutu wokha ukuonekera pansi. "Garaja yopanda dzenje ndi khola la mbuzi. Makaniko agone chagada ngati mphemvu yakufa? Pa nyumba ya bwana ayi."

Ndinadziwa kuti penapake palakwika. Sukulu ndinapitako, matanthauzo onse awiri ndinkawadziwa. Koma anali munthu wamkulu, thukuta lili kamukamu, ndipo ndinaopa kuoneka mwana wamwano. Ndinangoti zikomo n'kulowa m'nyumba. Pa zimenezi sindinamizira wina aliyense.

Makolo anga pobwera anapeza dzenje lakuya kufika m'chifuwa, la masitepe anayi, lopakidwa pulasitala wosalala, lokhala ndi kaphanga m'mbali koikamo nyali ndi masipanala. Simenti yonse ya mizere yakunja inali itathera mmenemo.

"Limeneli ndi basera, bwana," anatero Che Sumaila akupukuta manja. "Musawonjezepo kanthu."

Mayi anasuzumira n'kugwira pakamwa. "Kodi tachoka ku manda kuja kuti tidzapeze ena pakhomo? Awa ndiye a ndani?"

Ndinaona kuti bambo akufuna kukalipa, koma atayang'ana nkhope ya mkuluyo analeka. Anatsika masitepe aja, anasisita pulasitala, n'kunena kuti, "Ntchito yabwino, amisiri. Zikomo." Madzulo ake anatiuza kuti adzavundikirapo matabwa, ndiponso kuti mwina dzenjelo liwathandiza kumadzionera okha kunsi kwa galimoto m'malo molipira makaniko.

Matabwawo anachedwa kupezeka. Loweruka lina bambo analowetsa Datisani, natsikira m'dzenje kukamanga paipi ya utsi yomwe inkagwedera. Zitseko zinali zisanaikidwe. A Benedicto, oyandikana nafe nyumba, omwe anali ndi udindo woposa wa bambo, anaima pampanda wa maluwa atanyamula nyuzipepala.

"Achimwene, mwatsegula bizinesi osatiuza? Tizibweretsa magalimoto athu? Mtengo wake mutichitire wapachibale."

Bambo anaseka kuchokera pansipo. A Benedicto nawonso anaseka. Sindikunena kuti ndiwo anakanena, chifukwa sindinaone ndi maso anga. Ndikungolemba kuti patapita masabata awiri kunabwera mnyamata wa tayi kuchokera ku ofesi yoona za nyumba ija, atanyamula fayilo. Mwatsoka tsikulo Che Sumaila analipo, akukhoma mahinji.

Mlendoyo anaima m'mphepete mwa dzenje. "Bambo, ichi n'chiyani?"

Bambo asanatsegule pakamwa, Che Sumaila anali atayankha kale, chifuwa chili patsogolo. "Garaja yeniyeni, bwana! Ngakhale Landirova mutha kuitsitsa giyabokosi pompano. Anthu awiri amagwira ntchito momasuka m'menemu."

Mnyamata uja analemba. Bambo anayesa kufotokoza kuti galimoto ndi imodzi, kuti mmisiri sanamvetse, kuti dzenjelo alikwirira mawa lomwe.

"Chilolezo chanu n'chosungira galimoto," anatero mlendoyo mwaulemu ndithu. "Dzenje si losungira. Mukakwirira lero, khomali likabisa zam'kati, tidziwa bwanji kuti simunafukulenso? Kuno si ku Malangalanga, bambo."

Kalata inafika Lachinayi. Chilolezo chalandidwa, shedi ibwerere mmene inalili pasanathe masiku khumi ndi anayi. Pansi pake panalembedwa kuti kope lina lapita kwa mkulu wa bambo ku ntchito, pakuti wogwira ntchito m'boma saloledwa kuchita malonda pa nyumba ya ntchito.

Ine magazi anawira. Ndinatayipa kalata yodandaula ya masamba awiri, yofotokoza zonse mwadongosolo, n'kuwapatsa bambo kuti asayine. Anaiwerenga yonse, anakonza malo amodzi pamene ndinaiwala mpumiro, kenaka anaipinda kanayi n'kuiika m'thumba.

"Yalembedwa bwino, mwana wanga."

"Ndiye sayinani, ababa. Simunalakwe."

"Evelina, munthu wotsutsa chidindo amafunsidwa kuti wayamba liti kutsutsa, ndipo akumutuma ndani. Zatsala zaka ziwiri. Ukufuna ndikafike ku Nsaru wopanda penshoni?"

Amene anakhalako zaka zimenezo akudziwa kuti sankanena zopusa. Ine sindikudandaula ofesi iliyonse. Ndikungonena mmene zinakhalira.

Amene anagwetsa khomalo ndi Che Sumaila omwewo. Poti linali la dothi, silinavute: ankazula njerwa imodziimodzi, kuipala ndi mpeni wawo womangira, n'kuisanja pambali pa shedi. Dzenje analikwirira ndi dothi lofiira lomwe lija. Chakudya chimene mayi anawakonzera tsikulo sanachikhudze. Pomaliza anaima pamaso pa bambo chisoti chili m'manja.

"Bwana, mukanangoti chipinda cha galimoto."

"Ine ndinati garaja."

"Inenso ndinamanga garaja."

Anayang'anizana, ndipo panalibe wopepesa chifukwa panalibe wonama. Mbiri inawanda m'misewu yathu kuti mmisiri wa ndevu uja ndi wogwetsetsa nyumba. Monga ndikudziwira, kumayadi sanaitanidwenso.

Datisani inabwerera pakati pa nsanamira zinayi, batire kunsi kwa bedi. Inapirira miyezi itatu. M'mawa wina wa mu February, mvula itagwa kwambiri, tinadzuka n'kupeza galimoto ilibe mateyala onse anayi pamodzi ndi malimu ake. Akubawo sanavutike kufuna poikhazika. Anatenga njerwa pa mulu uja, zopalidwa kale bwino, n'kusanja zisanu ndi imodzi pa ngodya iliyonse.

Mayi analira mokweza mpaka a Benedicto anatuluka kudzapepesa. Bambo sanalire. Anazungulira galimotoyo kawiri, anawerama n'kuwongola njerwa imodzi yomwe inapendekeka, kenaka anakavala tayi n'kupita kukakwera basi.

Malimu a galimoto yotero ankasowa zaka zimenezo, ndipo akapezeka mtengo wake unali wosayandikika. Anapeza awiri patatha chaka, koma pofika nthawiyo galasi lakutsogolo linali litapitanso, ndipo nkhuku za mayi zinkaikira pampando wakumbuyo. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti nthawi yonseyi bambo ankatulutsabe batire lija Loweruka lililonse, kulilumikiza, kuliza injini mphindi zisanu galimoto ili pa njerwa, n'kulibweza kunsi kwa bedi. Hutala sankaliza. Ankati akusungira tsiku lake.

Mwezi woti apume utayandikira, anagulitsa galimotoyo kwa makaniko wina wa ku Malangalanga woti akaphwasule. Makanikoyo anabwera ndi mateyala obwereka n'kuikoka ndi chingwe. Mayi ataima pakhonde anati, "Yapita ku garaja yeniyeni tsopano." Palibe anaseka, ndipo mayiwo anapepesa pambuyo pake.

Anapuma mu 1986, penshoni yawo yonse ili bwinobwino, ndi kalata yowayamikira kuti pa zaka zonsezo sanapezeke ndi mlandu. Katundu ananyamulidwa pa lole. Mayi anakhala kutsogolo ndi dalaivala, bambo anakwera kumbuyo pakati pa mipando ndi matumba. Ine sindinapite nawo chifukwa cha ntchito, choncho zotsatirazi ndinamva kwa mayi, ndipo ndazilemba monga anandiuzira.

Atafika pamphambano yolowera kumudzi, pafupifupi mtunda umodzi kuti afike, bambo anamenya denga la lole kuti iime. Anatsika ndi kasutikesi kamodzi. Dalaivala anadabwa.

"Bwana, tatsala pang'ono. Ndikakutsitsireni pabwalo, ndiliza ndi hutala yomwe anthu adziwe kuti mwafika."

"Ayi, mwana wanga," anatero bambo. "Hutala imeneyo si yanga. Pitirirani ndi katunduyo. Ine njirayi ndinaiyenda wapansi pochoka, sindingasochere."